Filimu ya galu m'kalasi ya Chingerezi: tisonkhe ndalama ya jenereta kapena ayi?

Funso

Ndine kholo, ndimagulitsa kachewere ndi kabichi pa Lizulu, ndipo ndili mu komiti ya makolo ndi aphunzitsi pa CDSS imene mwana wanga wamwamuna akuphunzira Fomu 3. Aphunzitsi a Chingerezi amene abwera chaka chino akufuna kuonetsa ana filimu ya galu amene ankadikirira mbuye wake pa siteshoni ya sitima mpaka kufa. Apempha kuti makolo tisonkhe ya mafuta a jenereta. Makolo ena akalipa, akuti ana athu akulephera kale Chingerezi, ndiye tiwawonjezerenso vidiyo? Ena akuti galu angaphunzitse chiyani munthu. Ine ndasowa choyankha. Kodi zimenezi ndi maphunziro, kapena aphunzitsiwa akungofuna kupumula? Nanga pa mayeso a MANEB zimabwera?

Yankho

Zikomo mayi chifukwa mwafunsa musanaweruze. Ndiyambira pa funso lanu lomaliza, popeza ndi limene lidzautse phokoso pa msonkhano. Filimuyo siibwera pa mayeso. A MANEB amafunsa kuchokera m'mabuku amene ali pa silabasi, ndipo palibe pepala limene lidzafune dzina la galuyo. Koma mayeso a Chingerezi si a mabuku okhawo. Mwana amalemba chimangirizo, amafupikitsa nkhani imene akuiona koyamba tsiku lomwelo, amakonza manotsi, amayankha mafunso oyesa ngati wamva zimene wawerenga. Ngakhale pa gawo la mabuku lija, chimene amafuna n'chakuti anene khalidwe la mtengambali, munthu wa m'nkhaniyo, apereke ndi umboni. Ana ambiri amagwera pamenepa, ndipo inu mukudziwa kuti wolephera Chingerezi satifiketi ya MSCE amangoimvera kwa anzake, ngakhale Masamu atawakhoza bwanji. Choncho aphunzitsiwo musawafunse ngati filimu ili pa silabasi. Afunseni kuti ana akaonera adzalemba chiyani, ndipo iwo adzachonga liti. Mphunzitsi amene wakonzeka ayankha pomwepo, mwinanso kutulutsa sikimu yake kuti muone. Amene akufuna kupumula ayamba kunena zoti ana nawonso amafunika kusangalalako.

Mmene mwafotokozeramu, filimuyo ndi Hachi: A Dog's Tale ya mu 2009, imene Richard Gere amasewera ngati mphunzitsi wa nyimbo pa koleji. Ndi ya mphindi 93, ndipo nkhani yake ndi yaifupi moti mukhoza kuimaliza kasitomala asanathe kusankha kachewere. Bambo akutsika sitima usiku apeza kamwana ka galu katasochera pa siteshoni. Apita nako kwawo, mkazi wake sakukafuna, kenako agonja. Galuyo atakula ayamba kuperekeza mbuye wake ku siteshoni m'mawa, n'kubwereranso yekha 5 koloko madzulo kukamuchingamira. Tsiku lina bamboyo agwa ali mkati mophunzitsa, amwalira. Galu apita ku siteshoni monga mwa masiku onse, ndipo apitiriza kutero zaka pafupifupi khumi.

Zinachitikadi, koma osati ku America kumene anajambulira filimuyo. Galu weniweniyo, Hachiko, anabadwa mu 1923 kudera la Odate ku Japan, ndipo anali wa mtundu wa Akita. Mbuye wake anali Hidesaburo Ueno, pulofesa wa za ulimi pa yunivesite ya ku Tokyo, amene anamutenga kumayambiriro kwa 1924 n'kumwalira mu Meyi 1925, mtsempha wa magazi utaphulika m'mutu ali kuntchito. Mukawerengera muona kuti awiriwa anakhala limodzi chaka chimodzi ndi miyezi yowerengeka basi. Galuyo ankabwerabe pa siteshoni ya Shibuya, mu mzinda wa Tokyo, kufikira pamene anafa pa 8 Malichi 1935.

Chimene ine ndimaikondera filimuyi pa kalasi ya Chingerezi n'chakuti mtengambali wamkulu salankhula. Matenda a ana athu ambiri, makamaka kumene buku limodzi amagawana anthu angapo, ndi kuloweza. Mphunzitsi alemba pa bolodi kuti wakuti ndi wolimba mtima, wakuti ndi wadyera; mwana akopera, aloweza, akalavula pa mayeso. Funso likangopotozedwa pang'ono, basi wasokonekera. Tsono galu sanena kuti ndakhumudwa, sanena kuti ndamusowa mbuyanga. Mwana amene akufuna kulemba kuti galuyo wakhumudwa alibe mawu oti akopere kwina. Ayenera kunena zimene waona ndi maso ake: kuti chitseko cha siteshoni chikatseguka galu amadzutsa mutu, amayang'ana nkhope za otuluka mmodzimmodzi, ndipo akatha onse amakhalabe pomwepo, kuti zaka zoyamba ankathamanga popita kumeneko, koma kumapeto akuyenda mokoka thupi, ubweya utada. Kunena mfundo n'kuikira umboni ndiye luso limene ochonga mayeso amalipatsa malikisi, ndipo nkovuta kuliphunzitsa ndi choko chokha.

Tengani nkhani ya mpira. Kumayambiriro bamboyo amayesetsa kuphunzitsa galu kuti mpira ukaponyedwa azikautola. Galu amangomuyang'ana. Bambo wamkulu afika mpaka pokwawa pa kapinga, mpira ali nawo kukamwa, kuti galu aonerepo, koma ayi ndithu. Mnzake wa ku Japan amuuza kuti agalu a mtundu umenewu sachita zimenezo pongofuna kusangalatsa munthu, ndipo akadzautola padzakhala chifukwa. Nkhaniyo imangozilala, woonera n'kuiiwala. Ndiye m'mawa wa tsiku limene bamboyo amwalire, galu akana kumuperekeza, akuuwa, akuvuta. Kenako atenga mpira uja yekha, amutsatira nawo ku siteshoni, ndipo kwa nthawi yoyamba autola utaponyedwa. Bamboyo akwera sitima akusekerera, mpira uli m'manja. Mphunzitsi wodziwa ntchito amaimitsa filimu pamenepo, ana akudandaula kuti ipitirire, n'kuwauza kuti aliyense alembe ziganizo zitatu za Chingerezi: chichitike n'chiyani, ndipo waona chiyani chimene chakupangitsa kuganiza choncho. Ana awa kalosera, chizindikiro cha zimene zichitike kutsogolo m'nkhani, amamudziwa kale kuchokera m'kalasi ya Chichewa, koma ambiri amangodziwa tanthauzo loloweza. Apa amuona akugwira ntchito. Sabata yomweyo mphunzitsi atsegule buku limene lili pa silabasi, awauze kuti apezemo malo amene wolemba anachita zofanana. Pamenepo filimu yalowa pa mayeso ngakhale dzina lake silidzaonekapo.

Palinso nkhani ya amene akufotokoza. Filimuyo imayamba ndi kamnyamata kataima kutsogolo kwa kalasi, kakuuza anzake za ngwazi yake. Ndi mdzukulu wa bambo uja, ndipo agogo akewo anamwalira iye ali khanda. Nanga zonse zimene tikuonazi wazidziwa bwanji? Anamuuza ndani zimene galu ankachita usiku kulibe munthu? Nthawi zina kamera imatsika pansi, mitundu ya zinthu imazilala, ndiye kuti tikuona ndi maso a galu. Kunena zoona agalu saona chomwecho: amasiyanitsa bwino buluu ndi chikasu, chimene chimawavuta ndi kufiira ndi kubiriwira. Opanga filimu anangosankha njira yotiuzira kuti maso asintha. Mwana akazindikira kuti wina anasankha, wayamba kuwerenga ngati wa Fomu 3, ndipo funso la mfotokozankhani m'buku silimuopsanso.

Zonsezi zimatheka pokhapokha filimu ikadulidwa. Piriyodi ya ku sekondale ndi mphindi 40, ndiye mphindi 93 sizingalowe ngakhale m'mapiriyodi awiri olumikizana. Aphunzitsi ena amathana ndi vutoli poionetsa yonse Lachisanu masana, ana alira, aomba m'manja, aweruka. Imeneyo ndi vidiyo ya pa msika, ndipo ngati ndi zimene akufuna aphunzitsi anuwo, makolo okalipawo akunena zoona. Yoyenera ndi kuonetsa mphindi 10 kapena 15 pa piriyodi, zotsalazo ana alankhule ndi kulemba, kwa masabata awiri. Mawu olembedwa m'munsi mwa chithunzi akhale a Chingerezi, chifukwa kalankhulidwe ka ku America kamawapita ana athu poyamba. Mphunzitsi awachenjezenso kuti kalembedwe kena ka kumeneko n'kosiyana ndi kathu, popeza ife timatsata ka ku Britain. Ndipo muonetsetse kuti si kope ija yomasuliridwa m'Chichewa. Mukuwadziwa anyamata a m'mavidiyo aja amene amalankhula pamwamba pa filimu, kuthiramo nthabwala zawo, ana n'kumawatcha ma DJ. Kope yotereyo pa phunziro la Chingerezi ilibe ntchito.

Koma luso la ma DJ lija lili ndi ntchito, ndipo ine ndimalibwereka mopanda manyazi. Mphunzitsi azimitse mawu, aitane mwana mmodzi kutsogolo kuti afotokoze m'Chingerezi zimene zikuoneka, pakatha mphindi imodzi alowe wina. Mnyamata amene m'kalasi amakhala duu chaka chonse, ukamupatsa u-DJ pakamwa pamatseguka, chifukwa ndi masewera amene amawadziwa. Alakwitsa aneni, anzake aseka, mphunzitsi alembe zolakwikazo pambali osamudula mawu, azikonze pamapeto ndi kalasi yonse. Nthawi za aneni zimene zimavuta kwambiri zimabwera zokha m'nkhani ya kudikira. Kunena zimene galu ankachita masiku onse kumafuna “He used to meet the five o'clock train”. Kunena za kudikira kumene kunayamba kale chinthu china chisanachitike kumafuna “He had been waiting for seven years when a newspaper wrote about him”. Kulingalira zimene zikanachitika kumafuna “If the professor had stayed at home”, mwana amalize yekha. Ziganizo zimenezi zikalembedwa pa bolodi popanda nkhani zimauluka tsiku lomwelo. Zikamangidwa pa galu amene mwana wamulirira zimakhalitsa.

Zolemba zazitali nazo n'zambiri. Mu filimuyo muli mtolankhani amene amabwera kudzalemba za galuyo, ndiye ana alembe lipoti lakelo. Muli bambo wogulitsa khofi ndi soseji panja pa siteshoni amene amadyetsa galuyo zaka zonsezo. Alembe kalata yake yopita kwa mayi wamasiye amene anasamuka. Afupikitse gawo limene aonera tsiku limenelo m'mawu osapitirira 80, ndipo aone okha kuti kusiya zinthu n'kovuta kuposa kuzilemba. Mbiri ya Hachiko weniweni mphunzitsi ailembe pa tsamba limodzi, ana akonzepo manotsi. Kalata, lipoti, chifupikitso ndi manotsi ndi zomwe adzakumane nazo mu holo ya mayeso.

Tsopano za makolo amene akuti galu angaphunzitse chiyani munthu. Musawaseke, ndipo aphunzitsiwo asawayese osaphunzira. Kwathu kuno galu amagona pakhonde kapena pa phulusa, amadya mikute, ntchito yake ndi kuuwa akuba, kulondera kudimba ndi kuthamangitsa akalulu pa uzimba. Kutchula munthu kuti galu ndi mlandu wofika nawo kwa amfumu. Ana anu akadzaona bambo wa ulemu wake akukwawa ndi mpira kukamwa, kapena atakhala pa mpando umodzi ndi galu, adzaseka mpaka misozi. Kusekako ndiko poyambira phunziro. Chakuseketsani n'chiyani? Kwanu zikanachitika anthu akanati chiyani? Fotokozani m'Chingerezi. Mwana amene akufotokozera mlendo za kwawo amakhala ndi zonena zambiri kuposa amene akuyerekeza ulendo wa pa ndege umene sanaukwerepo. Komanso musaganize kuti nkhani ya galu wokhulupirika ndi yachilendo kwa ife. Funsani kalasi iliyonse ya ku Ntcheu kapena ku Dedza, simulephera kupeza mwana amene anamva za galu amene anatsatira maliro a mbuye wake mpaka kumanda, kapena anakana kudya masiku angapo. Ndipo agogo athu ankatcha agalu mayina olasa anansi, a Adzatopa, a Mwandida, kuti poitana galu uthenga ufike kuseri kwa mpanda. Ntchito ya kunyumba yabwino ndi yakuti mwana akafunse akuluakulu dzina la galu wakale wa pakhomopo ndi chimene chinautsa dzinalo, adzalembe ndime imodzi.

Zinthu ziwiri mphunzitsi ayenera kuzifotokoza asanayatse, apo ayi ana asochera. Choyamba ndi sitima. Njanji yathu imadutsa kumunsi, ku Bilira, Sharpevale ndi Golomoti, ndipo mwana wokulira kumtunda kwa Lizulu mwina sanaionepo. Ngakhale amene anaiona sadziwa zoti munthu angakwere sitima m'mawa kupita kuntchito n'kubwerera pa ola lomwelo tsiku lililonse. Popanda kumvetsa zimenezi, 5 koloko ija ilibe tanthauzo. Chachiwiri ndi nyengo. Mpaka chakumapeto, filimuyo siinena kuti papita zaka zingati. Imangoonetsa mtengo wa pa siteshoni ukuphuka, ukuyoyola masamba, ukukutidwa ndi chipale choyera, n'kuphukanso. Ana a kuno kuzizira amakudziwa, Juni wa ku Tsangano si wocheza naye, koma nyengo zinayi za kumeneko ayenera kuuzidwa kuti athe kuwerenga nthawi pa mtengowo.

Pamene ndikufuna kukhalitsa ndi pa phunziro la nkhaniyi, chifukwa ndi pamene aphunzitsi ambiri amaiphera. Amamaliza n'kulemba pa bolodi kuti tikhale okhulupirika ngati Hachi, ana akopera, zatha. Ine phunziro limeneli sindigwirizana nalo, ndipo mbiri yeniyeni ya galuyo imapereka zokambirana zoposa pamenepo. Ueno atamwalira, Hachiko anayenda m'makomo angapo asanakhazikike kwa munthu amene kale ankasamalira maluwa pa nyumba ya pulofesayo. Pa siteshoni sankamuona ngati ngwazi; ankamuthamangitsa ngati galu wina aliyense wosokoneza. Zinthu zinasintha mu Okutobala 1932, nyuzipepala ya Asahi Shimbun italemba za iye, nkhaniyo itafika kumeneko kudzera mwa Hirokichi Saito, munthu amene ankalimbikira zoteteza mitundu ya agalu a ku Japan. Kuchokera apo anthu anayamba kumubweretsera chakudya. Ndiye panabuka okayikira, amene ankati galuyo ankabwerera nyama yowotcha ya pa timitengo imene inkagulitsidwa pafupi, ndipo atafa m'mimba mwake anapezamodi timitengo totere. Ena amayankha kuti nanga zaka zisanu ndi ziwiri zija, asanatchuke, ankatsatira chiyani pomwe ankangolandira mapama? Mu 2011 akatswiri a pa yunivesite ya Tokyo anaunikanso ziwalo zake zimene zinasungidwa, n'kupeza kuti anali ndi khansa ndi nyongolotsi za mu mtima. Nawu mtsutso wokonzeka kale: chinali chikondi, chizolowezi, kapena njala? Mbali iliyonse ili ndi umboni, ndipo palibe yankho loti mwana akaloweze.

Pali zinanso. Chiboliboli chake choyamba chinaimikidwa pa Shibuya mu Epulo 1934, galuyo akadali moyo. Zaka zimenezo Japan inkalowera ku nkhondo, ndipo nkhani ya galuyo inalowetsedwa m'buku la ana a pulayimale lophunzitsa makhalidwe, kuti ana akule akudziwa kubweza zabwino kwa akuluakulu awo ndi kukhala okhulupirika. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itafika povuta, chiboliboli chomwecho anachichotsa n'kuchisungunula chifukwa chitsulo chinkafunika. Chimene alendo amajambulitsa nacho lero ndi cha mu 1948. Mwana wa Fomu 3, amene akuphunziranso History, akhoza kufunsidwa kuti amapindula ndani anthu akauzidwa kuti akhale okhulupirika ngati galu. Funso limeneli ana amalimva msanga kuposa mmene ife akuluakulu timaganizira.

Ndipo kwathu kuno kudikira si nkhani ya mu filimu. M'kalasi ya mwana wanuyo muli ana amene abambo awo anapita ku Joni, chaka choyamba ankatumiza, chachiwiri foni inayamba kusowa, lero amayi akungolima okha. Kale agogo athu ankadikira amuna a ku migodi, ena mwa iwo n'kusanduka machona. Mtsikana wa m'banja lotere ukamuuza kuti ngwazi ndi amene amadikira mpaka kufa, wamuphunzitsa chiyani? Galu uja anadikira chifukwa panalibe njira yomuuzira kuti mbuye wake wamwalira. Munthu amauzidwa, amamva, amasankha. Mu filimu momwemo mayi wamasiye amagulitsa nyumba n'kusamuka, ndipo patapita zaka khumi akubwera kudzaona manda ndi pamene amapeza galu akadali pa siteshoni. Kodi mayiyo ndi wosakhulupirika chifukwa anapitiriza moyo? Mwana wawo wamkazi amatenga galuyo kuti amusunge, galu amathawathawa, pomaliza amutsegulira chipata. Anachita bwino, kapena anamutaya? Nanga wogulitsa khofi uja, amene sanali mbuye wa galuyo, panalibe chomukakamiza, koma anamudyetsa tsiku ndi tsiku, bwanji mdzukulu sanamutchule iyeyo kuti ndiye ngwazi? Ndikanakhala ine ndikanapereka mutu wa chimangirizo pa bambo ameneyu. Mitu yotere ndi imene imatulutsa zolemba zoti mphunzitsi pochonga sagona nazo tulo, chifukwa mwana aliyense walemba zake.

Ndinenenso kuti filimuyi si yopanda zofooka. Nyimbo ya piyano imakukankhira ku misozi ngakhale pamene chithunzi pachokha chikanakwanira, ndipo anthu onse a m'tauniyo ndi okoma mtima kuposa mmene anthu amakhalira. Ana auzidwe kuti ali ndi ufulu wosaikonda, bola anene chifukwa.

Machenjezo awiri mupite nawo ku komiti. M'kalasi iliyonse muli ana amasiye, ena maliro ndi a chaka chomwe chino. Imfa ya bamboyo imabwera mwadzidzidzi, ndipo theka lonse lachiwiri ndi la chisoni. Mphunzitsi anene poyamba kuti mu nkhaniyi muli imfa ya kholo, ndipo amene akufuna kutuluka atuluke popanda kufunsidwa mafunso kapena kusekedwa. Lachiwiri ndi chiwewe. Filimuyo imaonetsa munthu akutola kagalu kosadziwika mwini, kukanyamula, kukalola kumunyambita kumaso. Kuno zimenezo zikhoza kupha. Pafupifupi anthu onse amene amadwala chiwewe amachitenga kwa agalu, ana ndi amene amalumidwa kwambiri, ndipo zizindikiro zikangoyamba kuoneka palibenso mankhwala. Wolumidwa kapena kukalidwa atsuke balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, apite kuchipatala tsiku lomwelo kukayamba katemera, ngakhale bala likhale laling'ono. Agalu a pakhomo azibayitsidwa kwa alangizi a ziweto. Uthenga umenewu ana akhoza kuulemba m'Chingerezi ngati chidziwitso chokhoma pa sukulu, ndiye kuti mwapha mbalame ziwiri, koma unenedwe ndithu ngakhale m'Chichewa.

Za ndalama, funsani kaye ngati jenereta ikufunikadi. Poti filimu ikuonetsedwa pang'onopang'ono, laputopu yotchajidwa bwino ndi sipika ya batire zimakwanira mphindi 15, ndipo pa Lizulu potchajira sipasowa. Kalasi ikakhala yodzaza aigawe pawiri, ena akuonera ena akulemba, kenako asinthane. Ngati pali pulojekita ndiye jenereta ifunika, koma ikhale kutali ndi chingwe chachitali, chifukwa phokoso lake limameza mawu ndipo phunziro la kumvetsera limafera pomwepo. Mawindo atchingidwe ndi zitenje. Miyezi ya mvula apewe, pansi pa malata simumveka kanthu. Fomu 3 ndi kalasi yoyenera; a Fomu 2 ndi a Fomu 4 amene mayeso ali pakhomo asawayambitse zimenezi. Ndalama ikasonkhedwa idutse kwa msungichuma wa komiti, ahedi akudziwa, osati kutoleredwa pakhomo la kalasi, ndipo mwana amene kholo lake lalephera kusonkha asatsekeredwe kunja, popeza ili ndi phunziro.

Inuyo panokha simufunika Chingerezi kuti muthandize. Madzulo mwana akufotokozereni m'Chichewa gawo limene aonera, ndipo akanena kuti galuyo anali ndi chisoni, kapena mayi uja anali wouma mtima, mufunseni kuti waona chiyani kuti anene choncho. Akayankha kuti zimangoonekeratu, musamusiye, afotokoze. Pakatha masabata awiri mupemphe kope lake la Chingerezi. Muyenera kupezamo zolemba zosachepera zitatu zokhudza filimuyo, zodutsidwa ndi cholembera chofiira, ndi zina zimene walembanso atakonza. Ngati mungathe, liyerekezeni ndi la mnzake wa pafupi. Chidule cha filimuyi chili pa intaneti, ndipo foni imodzi imakwanira kalasi yonse. Mukaona ndime zikufanana liwu ndi liwu, kawauzeni aphunzitsiwo kuti zolemba zotsatira ana azilembera m'kalasi momwemo, iwo ali pomwepo.